Wovotera mmbulu alipirenso ng'ombe

Pa 3 Novembala 2020, tsiku lomwe anthu a ku America ankasankha pakati pa a Donald Trump ndi a Joe Biden, anthu a m'chigawo cha Colorado adapeza funso linanso pa pepala lawo loponyera voti. Funsolo lidali lakuti: kodi boma libweretse mimbulu m'mapiri a kumadzulo kwa chigawochi, kumene idatha kale m'zaka za m'ma 1940? Anthu pafupifupi 51 pa 100 aliwonse adati inde, 49 adati ayi. Pa mavoti oposa 3 miliyoni, kusiyana kudali kwa mavoti pafupifupi 57,000 okha. Aka kadali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti nkhani yobwezera chilombo kutchire igamulidwe ndi riferendamu.

Mwina wina mwa inu awerengi afunsa kuti mimbulu ya ku America ikutikhudza bwanji ife, pomwe tili ndi zathu zotisowetsa tulo. Yankho langa ndi ili. Makolo athu adaima pamzere pa 14 Juni 1993 pokhulupirira kuti voti ndiyo njira yabwino yothetsera mkangano m'dziko, ndipo ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Koma nkhani ya ku Colorado yavumbula funso limene voti payokha singaliyankhe. Kodi zikhala bwanji ngati anthu ochuluka asankha chinthu chabwino, koma zowawa zake n'kugwera anthu ochepa amene adachikana? Pamenepa ndi pamene pagona mkangano wonse wa kusaka ndi kuteteza mimbulu, ndipo n'chifukwa chake ndati tikambirane lero.

Timvane kaye za nyamayi. Mmbulu umene tikunena pano si uja wa kwathu kuno wa mawangamawanga ndi makutu aakulu obulungira. Uwu ndi wa ku maiko ozizira a ku America, Ulaya ndi Asia, womwe omasulira Baibulo adaupatsa dzina lomweli. Ndi wotuwa, wamkulu kuposa galu wa pamudzi, wolemera makilogalamu 40 kapena kuposerapo, ndipo akatswiri amati agalu onse amene tikuweta lero adachokera ku mtundu wake. Mimbulu imakhala m'mabanja, waumuna, waukazi ndi ana, ndipo banja limodzi limafuna dera lalikulu losakamo. Chakudya chake chenicheni ndi nyama zakutchire, makamaka agwape ndi nyama ina yaikulu ya nyanga zanthambinthambi yomwe eni ake amaitcha elk. Koma ikapeza mwana wa ng'ombe kapena nkhosa popanda mbusa, siifunsa kuti mwini wake ndani.

Azungu atafika kumadzulo kwa America m'zaka za m'ma 1800 adapha njati za kumeneko mamiliyoni mpaka zidatsala pang'ono kutha, n'kudzaza madambo ndi ng'ombe ndi nkhosa. Mimbulu itasowa chakudya chake idatembenukira ku ziweto, ndipo nkhondo idayambira pomwepo. Maboma ankapereka mphotho kwa aliyense wobweretsa chikopa cha mmbulu. Mu 1915 boma lalikulu la ku Washington lidayamba kulemba ntchito alenje akeake, ogwiritsa ntchito mfuti, misampha ndi poizoni. M'nkhalango yotchuka ya Yellowstone mimbulu yomaliza idaphedwa mu 1926. Pofika m'ma 1960, kupatula ku Alaska, idangotsala kumpoto kwa chigawo cha Minnesota ndi pa kachilumba kena ka m'nyanja ya Superior. Choncho tisaiwale kuti mmbulu sudathe wokha. Lidaumaliza ndi boma, pogwiritsa ntchito ndalama za msonkho.

Patapita nthawi maganizo adasintha. Mu 1973 Pulezidenti Richard Nixon adasainira lamulo loteteza zamoyo zomwe zili pafupi kutha, ndipo chaka chotsatira mmbulu udalowa m'kaundula wa nyama zotetezedwa. Mu 1995 boma lomwe lija lidakatenga mimbulu 14 ku Canada n'kuitulutsa ku Yellowstone, ndipo mu 1996 lidaonjezera ina 17. Idaswana msanga. Elk za kumpoto kwa nkhalangoyo, zomwe zidali pafupifupi 19,000 ndipo zinkabudula timitengo ta m'mbali mwa mitsinje osatipatsa mpata wokula, zidatsika kufika pa 4,000 pofika 2013. M'malo ena mitengo idaphukanso. Alendo miyandamiyanda amapita kumeneko chaka ndi chaka kukangoona mmbulu ndi maso, n'kusiya ndalama m'mahotela ndi m'masitolo a m'matauni oyandikana.

Okonda mimbulu amasimba nkhaniyi ngati chozizwitsa, amvekere mmbulu udachiritsa nkhalango yonse mpaka mitsinje yomwe. Apa ndiyenera kuwadzudzula pang'ono. Akatswiri amene akhala akuyeza mitengoyo kwa zaka zambiri sagwirizana pa kukula kwa kusinthaku. Elk zidachepanso chifukwa cha zimbalangondo, mikango ya m'mapiri, chilala ndi alenje a kunja kwa malire a nkhalango, ndipo m'malo ambiri mitengo sidabwerere mmene idalili kale. Kuti mmbulu uli ndi ntchito yake m'chilengedwe, zimenezo n'zosakanika. Koma munthu akakokomeza umboni pofuna kupambana mkangano, tsiku limene anzake adzatulukire sadzamukhulupiriranso ngakhale pa zoona zomwe.

Tibwerere ku Colorado. Chigawochi chidagawika pakati ndi mapiri ataliatali. Kum'mawa kwa mapiriwo kuli mizinda ikuluikulu monga Denver ndi Boulder, ndipo ndi kumene kumakhala anthu ambiri. Kumadzulo ndi kumene kuli nkhalango ndi malo aakulu odyetserako ng'ombe ndi nkhosa. Lamulo lomwe anthu adavotera lidanena mwachindunji kuti mimbulu ikatulutsidwe kumadzulo. Pa maboma 64 a m'chigawochi, 13 okha ndiwo adavomera, ena onse 51 adakana. M'boma la Grand, kumene mimbulu yoyamba idakatulutsidwa, pafupifupi anthu awiri pa atatu aliwonse adavota kuti ayi. Kunena mosapsatira mawu, a m'tauni adaitana mlendo, koma mphasa adakamuyalira m'nyumba ya wakumudzi.

Pa 18 Disembala 2023 bwanamkubwa wa chigawochi, a Jared Polis, adakaonerera pomwe mimbulu isanu yoyamba inkatsegulidwa m'mabokosi, ndipo sabata isanathe idakwana khumi. Zigawo za Wyoming, Idaho ndi Montana zidakana kupereka mimbulu yawo, choncho iyi idachokera ku Oregon. Alimi ndi atsogoleri a m'deralo sadauzidwe tsiku kapena malo. Ambiri adamvera m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo akuluakulu a bungwe loona za nyama zakutchire la Colorado Parks and Wildlife adachita kupepesa pambuyo pake. Kenaka zidadziwika kuti ina mwa mimbuluyo idachokera m'magulu amene adali ndi mbiri yogwira ziweto kwawoko. Mu Epulo 2024, nyengo yomwe ng'ombe zimabereka, mwana wa ng'ombe woyamba adapezeka atafa m'boma la Grand, ndipo ziweto zina zidatsatira.

Zambiri mwa ziweto zimenezi zidagwidwa ndi banja limodzi la mimbulu lomwe adalitcha Copper Creek. Alimi adapempha chilolezo choti aphe mmbulu umene unkawavutitsa, koma adakanizidwa. Pa nthawiyo boma lidali lisanalembe n'komwe kuti mmbulu ugwire ziweto kangati kuti utchedwe wozolowera. M'malo mwake, chakumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala 2024, adagwira waumuna, waukazi ndi ana anayi n'kuwatsekera mumpanda. Waumuna uja udafa patangopita masiku ochepa, ndipo ataupima adapeza kuti wina adali atauombera kale mwendo. Mu Januwale 2025 waukazi ndi ana ake adatulutsidwanso, mwezi womwewo umene mimbulu ina 15 idafika kuchokera ku British Columbia m'dziko la Canada. Pofika Meyi chaka chomwecho, ogwira ntchito m'boma adaombera mmodzi mwa ana aja chifukwa chogwira ng'ombe m'boma la Pitkin. Chimene adakana kuchita poyamba adachichita ndithu, koma ziweto zitafa kale ndipo chidani chitamera mizu.

Oteteza mimbulu ali ndi yankho lomwe amalidalira kwambiri, la masamu. Amati ziweto zofa ndi mimbulu n'zochepa zedi poyerekeza ndi zofa ndi matenda, nyengo yoipa kapena pobereka, ndipo pamenepa akunena zoona. Tione za ku Ulaya, kumene kuwerengaku kudachitika m'maiko ambiri nthawi imodzi. Lipoti la European Commission la 2023 lidapeza mimbulu pafupifupi 20,300 m'maiko a mgwirizano wa European Union, ndipo lidati ziweto zophedwa pa chaka zimakwana pafupifupi 65,500, zambiri mwa izo nkhosa ndi mbuzi. Pa nkhosa zonse za kumeneko, zogwidwa ndi mmbulu sizifika ngakhale imodzi pa 1,000 zilizonse. Tikanena za kupha anthu, lipoti lomwelo lidati kwa zaka 40 padalibe munthu ngakhale mmodzi amene zidatsimikizika kuti adaphedwa ndi mmbulu kumeneko.

Komatu masamu otere ali ndi chinyengo chake. Ndili mwana ndinkapita kumudzi kwa agogo anga aakazi nthawi ya tchuthi. Adali ndi mbuzi zinayi. Usiku wina fisi adaboola khola n'kutenga yaikazi imene idali ndi bere. Pa mbuzi zonse za m'boma lathu imodziyo sidali kanthu, ndipo wolemba malipoti akadalemba kuti afisi sakuononga kwenikweni. Koma kwa agogo idali gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chawo, idali feteleza wa chaka chimenecho. Sindidzaiwala mmene adakhalira pakhonde m'mawa wonse osalankhula ndi munthu. Mmbulu nawonso sugawa tsoka mofanana kwa alimi onse a m'dziko. Umabwerera ku khola lomwelomwelo, kwa mabanja omwewomwewo. Paja akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akudzuka usiku ku Colorado si wa ku Denver.

Lamulo la ku Colorado lidalonjeza chipukuta misozi, ndipo boma lidaika kuti lizilipira mpaka madola 15,000 pa chiweto chimodzi. Pa pepala zikumveka bwino. Koma kuti mlimi alandire ayenera kuonetsa umboni, ndipo ng'ombe za kumeneko zimadya m'malo aakulu a m'mapiri, kumene mtembo ungathe kudyedwa wonse munthu asanaupeze. Palinso zotayika zimene sizioneka msanga. Ng'ombe zothamangitsidwa usiku zimaonda, zina sizitenga bere, ndipo mwini wake amachezera panja ndi tochi m'malo mogona m'nyumba. Mu Malichi 2025 boma lidavomera kulipira alimi awiri a m'boma la Grand ndalama zoposa madola 340,000, kuphatikizapo zotayika zoterezi. Pa nthawi ya voti anthu adauzidwa kuti ntchito yonseyi izidzadya madola pafupifupi 800,000 pa chaka, koma pofika 2025 inkadya oposa 3 miliyoni. Wina anganene kuti zachuluka. Ine ndingomukumbutsa kuti walira mvula walira matope.

Pofika pano ena muganiza kuti ndili kumbali ya alenje. Ayi ndithu. Taonani zimene zimachitika mfuti ikapatsidwa ufulu wonse. Mu Januwale 2021 boma la a Trump lidachotsa mmbulu m'kaundula wa nyama zotetezedwa. Ku Wisconsin gulu lina la alenje lidathamangira kukhoti, ndipo woweruza adalamula kuti uzimba uchitike mwezi wa Febuluwale womwewo, nyengo imene mimbulu imaswana. Boma la chigawocho lidaika malire a mimbulu 200. Pa imeneyi, 81 idali gawo la anthu a mtundu wa Ojibwe, eni nthaka akale, amene amaona mmbulu ngati mbale wawo ndipo adasankha kuti gawo lawolo lisaphedwe. Alenje ena onse adaloledwa 119. Pasanathe masiku atatu adali atapha 218, yambiri poithamangitsa ndi agalu. Gawo la a Ojibwe lidamezedwa ngati kuti pangano lawo ndi boma lidali pepala wamba. Mu Febuluwale 2022 khoti lina lidabwezeretsa chitetezo m'zigawo zambiri za dzikolo.

Chigamulo chimenecho sichidakhudze Idaho, Montana ndi Wyoming, chifukwa zigawozi zidali zitapatsidwa kale mphamvu yodzilamulira pa nkhaniyi. Ku Idaho ndi Montana zidayamba mu 2011, pomwe aphungu a ku Washington adalowetsa kandime kochotsa mimbulu m'kaundula mkati mwa bilu ya bajeti, n'kuletsanso makhoti kuunika ganizolo. Mu 2021 Idaho idakhazikitsa lamulo lolola kusaka usiku, kuthamangitsa mimbulu ndi njinga zamoto ndiponso kulemba ntchito anthu oipha, moti chiwerengero chingathe kutsika kuchoka pa 1,500 kufika pa 150. M'nyengo yozizira ya 2021 kulowa 2022, mimbulu 25 ya ku Yellowstone idaphedwa itadutsa malire a nkhalango, malire amene nyama siziwadziwa. Ku Wyoming, mu Febuluwale 2024, mwamuna wina adagunda mmbulu waung'ono ndi njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa, n'kuumanga kukamwa ndi tepi, n'kupita nawo ku bala kukauonetsa anzake asanauphe. Chilango choyamba chimene adalandira chidali chindapusa cha madola 250.

Abale anga, kumeneku si kuteteza khola, ndi kulipsira, ndipo wolipsiridwa weniweni si mmbulu. M'madera ambiri a kumidzi ku America mmbulu udasanduka chizindikiro cha boma lakutali, la anthu ophunzira a m'mizinda amene amalamula popanda kufunsa. Munthu amene sangathe kufikira nduna amafikira nyama. Andale a mbali zonse adaona kuti m'menemu muli mavoti. Ena amalonjeza kuteteza mmbulu uliwonse kuti asangalatse a m'tauni, ena amalonjeza kuimaliza kuti asangalatse a kumidzi. Boma likasintha lamulo limasintha, khoti ili likagamula lina limagamulanso, ndipo mlimi sadziwa chimene adzaloledwe kuchita chaka chamawa. Chinanso, kupha mwachisawawa sikutsimikiza kuti khola lapulumuka, popeza mlenje wa pa uzimba amaombera mmbulu umene wakumana nawo, osati umene udagwira ng'ombe.

Ku Ulaya nako, kumene ena a inu mudakhalako zaka zambiri, kuli phunziro la mtundu wina. Kumeneko mimbulu sidachite kubwera m'mabokosi. Malamulo atayamba kuiteteza idafalikira yokha kuchokera m'malo ochepa m'mene idatsalira, mpaka kufika ku Germany, Netherlands ndi Belgium. Abusa a nkhosa a ku France, Italy ndi Spain adalira kwa zaka zambiri. Mu Seputembala 2022 mmbulu udapha hatchi yaing'ono yotchedwa Dolly pafupi ndi mzinda wa Hanover ku Germany. Mwini wake adali mayi Ursula von der Leyen, mtsogoleri wa European Commission. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, maiko a m'pangano la Bern, lomwe limateteza zachilengedwe ku Ulaya, adakambirana pempho la Switzerland loti chitetezo cha mmbulu chichepetsedwe, ndipo European Union idakana. Patangotha chaka, mu Disembala 2023, ofesi ya mayiwa idabweretsa pempho lomwelo. Lidavomerezedwa mu Disembala 2024, ndipo mu Meyi 2025 aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Ulaya adasintha lamulo lawo ndi mavoti 371 kwa 162.

Sindikunena kuti hatchi imodzi ndiyo idasintha lamulo la maiko 27. Mimbulu idachulukadi, alimi adali atakwiya, ndipo chisankho cha 2024 chidali pafupi. Mwinanso kuchepetsa chitetezocho kudali koyenera m'madera ena. Chimene chimandivuta ndi mmene zidaonekera kwa mbusa wamba. Nkhosa zikwizikwi zinkafa chaka ndi chaka, iye n'kumauzidwa kuti amange mpanda wamagetsi ndi kupirira. Tsoka litagogoda pakhomo la wamkulu, pasanapite nthawi yaitali mawu a ku Brussels adasintha. Ngati lamulo lidali lolakwika, bwanji silidakonzedwe pa kulira kwa mbusa? Ngati lidali lolondola, chidasintha n'chiyani? Lamulo limene likuoneka kuti layendera kulira kwa wamphamvu, ngakhale likhale labwino chotani, anthu salikhulupirira.

Nanga ine ndaima pati? Ndikuti mmbulu ukhale ndi moyo. Nyama imene idakhala m'mapiri amenewo zaka zikwizikwi munthu asanabweretseko ng'ombe, n'kumalizidwa ndi poizoni wa boma, ili ndi malo ake. Anthu a ku Denver sadalakwe pofuna kuti adzukulu awo adzamveko kulira kwake, ndipo nkhalango za boma n'zawo nawonso monga nzika. Voti yawo idali yovomerezeka ndipo iyenera kulemekezedwa. Wogonja pa chisankho alibe ufulu wokonza zotsatira zake ndi mfuti usiku. Koma kupambana sikufafaniza ngongole, ndipo demokalase imene imangowerenga mitu osayang'ana amene wasenza katundu imadzadabwa tsiku lina. Ndikuona zinthu zinayi zimene opambana ayenera kuchita.

Choyamba, wovotera mmbulu alipirenso ng'ombe. Chipukuta misozi chichokere m'thumba la anthu onse, chikhale chokwanira ndipo chifike msanga, mlimi asanagulitse ng'ombe zina kuti abweze ngongole ya ku banki. Zimenezi si zachilendo. Bungwe la Defenders of Wildlife, lomwe lidalimbikira kuti mimbulu ibwerere, lidakhala likulipira alimi kuchokera mu 1987 mpaka 2010 ndi ndalama za anthu olithandiza, zoposa madola 1 miliyoni. Ku Colorado komweko kudakhazikitsidwa nambala yapadera ya galimoto imene okonda mimbulu amagula, ndipo ndalama zake zimapita ku ntchito yoteteza ziweto. Chikondi chimene chimafika m'thumba ndicho ine ndimachikhulupirira.

Chachiwiri, thandizo lifike mmbulu usanafike. Njira zotetezera ziweto popanda kupha zilipo ndipo zimadziwika: abusa oyenda pa hatchi pakati pa ng'ombe, agalu akuluakulu olondera nkhosa, waya wamagetsi wopachikapo nsanza zofiira zimene mimbulu imaziopa kwa kanthawi, nyale zothwanima usiku, ndi kuchotsa msanga mitembo ya ziweto kuti isaitane zilombo. Zonsezi zimafuna ndalama ndi anthu, ndipo mlimi sangazisenze yekha. Ku Colorado ndondomeko yokhazikika ya abusa olipidwa ndi boma idayamba mu 2025, mimbulu itatha kale chaka ndi miyezi ili kutchire. Kumeneko ndiye kumanga khola fisi atalowa kale.

Chachitatu, mmbulu umene watsimikizika kuti wazolowera ziweto uphedwe, ndipo msanga, motsata lamulo lolembedwa lomwe aliyense akulidziwa. Ndikudziwa kuti mawu amenewa awawa ena. Koma kukakamira moyo wa mmbulu umodzi kungaphetse makumi, chifukwa munthu amene waona kuti boma silimumvera amasiya kudandaula n'kuyamba kuchita zake mwakachetechete. Bala la mfuti lija pa mwendo wa mmbulu wa Copper Creek likhale chenjezo. Ndipo kumene mimbulu yachuluka ndithu moti kusaka kungaloledwe, malire aikidwe ndi odziwa kuwerenga nyama, osati ndi ofuna mavoti, ndipo wodumpha malirewo alangidwe. Za ku Wisconsin zija n'zochititsa manyazi.

Chachinayi, anthu okhala pafupi ndi nyamazo akhale nawo pabwalo pokonza ndondomeko, osati kuitanidwa kudzamva zimene zagamulidwa kale. Ku Colorado misonkhano idachitika ndithu, ndipo alimi ena adakhala m'makomiti, koma tsiku lotsegula mabokosi litafika mnansi sadauzidwe. Kuti munthu wamvedwa kumaoneka pa zimene zachitika msonkhano utatha. Izi zikukhudzanso a Ojibwe ndi mitundu ina ya eni nthaka, amene mawu awo amakumbukiridwa pokhapokha akagwirizana ndi zofuna za wina.

Dzina lija la mmbulu likundikumbutsa za kwathu kuno. Mu Julaye 2021 mimbulu 14 ya mtundu wathu wa mawangamawanga idabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete kuchokera ku South Africa ndi Mozambique, patapita zaka zambiri isakuoneka m'malowa. Tidasangalala, ndipo kudali koyenera kutero. Mu Novembala 2022 mimbulu 18 ya ku Liwonde idafa ndi poizoni. Kutulutsa nyama m'bokosi ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamaso pa makamera. Kuti nyamayo ikhalitse zimadalira anthu a m'mphepete mwa mpanda, zimene akupindula ndi zimene akutaya. Ife a m'tauni amene timakonda kuona zithunzi za njovu ndi mikango tizikumbukira kuti pali wina amene amagona nazo pafupi.

Mkangano wa mimbulu sudzatha ndi voti imodzi kapena chigamulo chimodzi cha khoti. Koma ine ndikuona kuti moyo wa mmbulu suli kwenikweni m'manja mwa a ku Washington, a ku Denver kapena a ku Brussels. Uli m'manja mwa munthu amene amadzuka m'bandakucha kukawerenga ana a ng'ombe. Akapeza kuti mmodzi wasowa, n'kudziwa kuti akaimba foni wina abwera tsiku lomwelo, kuti alipidwa mwezi usanathe, ndiponso kuti mmbulu wobwerezabwereza uchotsedwa, mfuti yake ikhala kuseri kwa chitseko. Akadziwa kuti palibe amene abwere, mavoti 1.6 miliyoni aja sangaupulumutse mmbuluwo.